Kodi Zonse za Pamutu Ndi Chipere?

Ndapempha malo m'magazini yathu ino kuti ndinene za mlandu umene ine ndemwe ndili nawo mbali. Ndikadakonda kulemba za mpira kapena za mpikisano wa mtsutso monga achitira anzanga ena, koma nkhani iyi yandilemera mumtima kwa materemu awiri, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuinena chaka chino, ndidzachoka pasukulu pano ili chikhalire.

Mnyamata aliyense wogonera pano adziwa zimene zimachitika Loweruka la kumeta. Timandanda pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa hositelo, ometa ali awiri, makina ali awiri, koma mitu ili yambiri-mbiri. Tsitsi likagwa, zonse zimene zinabisala m'menemo zimaonekera poyera: uyu ali ndi kabanga pamwamba pa khutu, uyo ali ndi totupa kunkhongo, winayo mutu wake uli mbuu ngati wagona paphulusa. Ndipo munthu asanadzuke n'komwe pampando, khamu la oyembekeza lagamula kale mlandu wake. Liu lake ndi limodzi lokha: "Chipere!" Pasukulu pano tili ndi madokotala ochuluka kuposa a ku Gulupu, koma onsewo adziwa nthenda imodzi yokha, ndipo amaizindikira ali chiimire pamzere, mapazi khumi kutali.

Ine ndikunena kuti mchitidwe umenewu ndi woipa, ndi kuti munthu sayenera kutchula dzina la nthenda ya mnzake asanaiyang'ane bwino. Ndipo ngati sadziwa kayang'anidwe kake, atseke pakamwa ndi kumperekeza mnzakeyo kwa amene adziwa. Ndinena chifukwa chake.

M'teremu yoyamba kunabwera mnyamata wina wa Fomu 1, wamng'ono thupi, wofatsa, amene sindimtchula dzina pakuti tamchititsa kale manyazi okwanira. Atametedwa, panaoneka banga lozungulira pakati pa mutu, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo. Tsiku lomwelo anapatsidwa dzina lachipongwe, bedi lake linakokeredwa kukhomo kumene kuomba mphepo, ndipo panalibe wofuna kukhala naye pafupi pa nthawi ya chakudya. Ine ndinali nditangosankhidwa kukhala pulifekiti woyang'anira za ukhondo, ndipo ndinadziyesa munthu wanzeru. Ndinamuuza kuti azipaka adyo wosinja m'mawa ndi madzulo, monga ankatichitira agogo kwathu. Atapita masabata awiri bangalo silinasinthe, koma linabadwa lina pambali pake. Pamenepo mnyamata wina wa Fomu 3 anati iye adziwa mankhwala osalephera, ndiwo madzi a m'batire yakale. Ine sindinapake ndi dzanja langa, iai, koma ndinaima pomwepo nditagwira tochi, ndipo sindinaletse. Kulira kwa mwana uja usiku umenewo sindidzakuiwala.

M'mawa mwake pamutu panali chilonda chofiira psuu. A Bodingi Masitala atachiona anatitumiza kuchipatala cha boma, ine monga womperekeza. Adokotala amene tinawapeza m'chipinda cha za khungu anali bambo wachikulire, wosafulumira. Anandiuza pambuyo pake kuti nchito imeneyi anakaiphunzira ku Moshi, m'dziko la Tanzania, kumene kuli sukulu yophunzitsa za nthenda za khungu imene inatsegulidwa mu 1992, ndipo imalandira ophunzira a m'maiko ambiri a mu Africa. Chimene chinandidabwitsa ndi ichi: ife tinazindikira nthenda ija m'kuphethira kwa diso, koma iwo, ophunzira, anatenga nthawi yokwanira kuphika nsima ndi kuidya. Anayamba ndi mafunso. Linayamba liti bangali, mwana wanga? Limayabwa kodi? Kwanu kuli wina ali nalo? Muli ndi agalu, amphaka kapena ng'ombe? Unadwalapo malungo aakulu posachedwapa? Mwapakapo chiani? Pafunso lotsirizali ine ndinayang'ana pansi.

Kenaka anamtengera pazenera pamene pali kuwala, nasiya chilonda chathu chija, nayang'anitsitsa banga lachiwiri, limene sitinalikhudze, ndi galasi lokuza zinthu. Analisisita ndi chala. Anagwira kuseri kwa makutu ndi m'khosi kufuna ngati muli mwanabere. Anayang'ana nsidze ndi zikhadabo zomwe, nakoka pang'ono tsitsi la m'mphepete mwa banga kuti aone ngati lizuka msanga. Potsiriza anapala khungu ndi kampeni, nazula titsitsi tingapo, naika pakagalasi, nadonthezapo mankhwala otchedwa potassium hydroxide, amene amasungunula khungu ndi kusiya tizilombo poyera, naona pa maikulosikopu.

"Anyamata inu," anatero, "mwatentha mwana wa eni popanda chifukwa. Apa palibe chipere."

Nthenda yake anati ndi alopecia areata. Asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kutiteteza ku matenda, nthawi zina amasokonezeka nayamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi la mwini wake. Nthenda imeneyi sipatsirana, ngakhale mutagonera mtsamiro umodzi chaka chathunthu. Sibwera chifukwa cha uve. Ndipo kwa anthu ambiri amene ali ndi mabanga ochepa, tsitsi limamera lokha chaka chisanathe. Zizindikiro zake anandionetsa ndi maso anga: khungu losalala ngati la pachikhatho, lopanda mfundu, losafiira, losayabwa, ndipo m'mphepete muli titsitsi tatifupi, toonda kumunsi ndi tonenepa kumwamba ngati tizibonga. Tsono anandilozera chilonda chija nati, "Apa tsitsi likadamera lokha. Tsopano asidi wadya mpaka pansi, ndipo pamene pachita chipsera tsitsi silimeranso."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa, kwa aphunzitsi athu a Bayoloje ndi m'mabuku a m'laibulale, pakuti safunsa anadya phula. Choyamba chimene ndaphunzira ndi chakuti tsitsi lililonse lili ndi phando lake m'khungu, monga phesi la chimanga lili ndi phando lake m'munda. Phandolo ndi kathumba kolowa pansi; kumunsi kwake kuli muzu wamoyo umene umapanga tsitsi, ndipo m'mbali mwake muli kachikwama kotulutsa mafuta ofewetsa khungu. Pamutu pa munthu pali mapando pafupi-fupi 100,000. Tsitsi limatalika ngati sentimita imodzi pamwezi; limakula kwa zaka zingapo, kenaka lipuma miyezi ngati itatu, n'kugwa, ndipo m'phando lomwelo mumera lina. Kotero kuti munthu wabwino-bwino amataya tsitsi 50 kufikira 100 tsiku lililonse osadziwa. Pachikhatho ndi kunsi kwa phazi kulibe mapando otere, n'chifukwa chake simunaonepo munthu wa ziphuphu m'manja. Ndipo ichi ndicho chachikulu: munthu amabadwa ndi mapando ake onse. Likafa limodzi, thupi silikumbanso lina.

Tsono taganizani za munda. Chimanga chikafota, mlimi wanzeru sangoti "ndi matenda" n'kuthira chilichonse chimene wachipeza m'nyumba. Amagwada, nafukula. Kapena ndi chiswe chadya mizu, kapena ndi kaufiti, kapena mbozi zili kunsonga, kapena nthaka yatha chonde, kapena mvula yachepa. Kufota ndi kumodzi-modzi, koma mankhwala ake ndi osiyana, ndipo wothira mankhwala a mbozi m'munda wa kaufiti wataya ndalama ndi mbeu zomwe. Ambiri a ife ndife ana a alimi, ndipo tidziwa zimenezi za chimanga. Nanga bwanji tikafika pamutu pa mnzathu timasanduka opusa?

Chipere chenicheni chilipo, ndipo sindikuchichepetsa. Chimabwera ndi tizomera ting'ono-ting'ono ta mtundu wa chuku chija chimagwira chimanga chonyowa, timene m'kalasi timati mafangasi. Dokotala wina wa ku Hungary wokhala ku Paris, David Gruby, ndiye anaona pa maikulosikopu mu 1843 kuti tizomerato timazinga tsitsi, natcha mtundu umenewo Microsporum. Tizomera timeneti timatsikira m'phando ndi kulowa m'tsitsi lenilenilo, n'kulidya mpaka lithyoke. Chifukwa chake banga la chipere silikhala losalala. Limakhala ndi mfundu yotuwa, ndi ziputu za tsitsi lothyoka ngati bwalo lotchetchedwa ndi munthu waulesi, kapena timadontho takuda pamene tsitsi lathyokera pakamwa peni-peni pa phando. Kawiri-kawiri limayabwa, ndipo ukagwira kunkhongo kapena kuseri kwa khutu upeza mwanabere. Chimakonda ana amene sanathe msinkhu, pakuti munthu akakula mafuta a pamutu amasintha ndipo tizomerato sitikondwa nao. Ndicho chifukwa chake chipere chichuluka kupulaimale ndi ku Fomu 1. Mnyamata wa ndevu wa Fomu 4 akathothoka tsitsi, ndi bwino kuganizanso za nthenda zina.

Ngakhale madokotala sakhulupirira maso okha. Pali nyali ina imene galasi lake analipanga Robert Wood wa ku America mu 1903. Akaunikira nayo mutu m'chipinda chamdima, tsitsi la chipere cha mtundu wa Microsporum limawala mobiriwira. Koma mitundu yambiri ya Trichophyton, imene ili yofala muno mu Africa, siwala konse, kotero kuti nyali ikakana sindiye kuti chipere palibe. Pamenepo amapala khungu monga anachitira ndi mnzathu uja, ndipo pakakhalabe chikaiko amabzala tizidutswato m'kambale ku labotale ndi kudikira masabata awiri kufikira anai kuti aone chimene chimere. Masabata anai! Ife pansi pa mango timatha wometa asanazimitse makina. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina afunsa kuti, kodi dzina lili ndi nchito yanji, si mankhwala kodi amene afunika? Komatu mankhwala amatsata dzina. Chipere cha pathupi chimamva mafuta opaka monga a Whitfield, koma cha pamutu sichimva, chifukwa tizomera tili m'kati mwa tsitsi, pansi m'phando, kumene mafuta safika. Chifuna mapiritsi akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 kufikira 8, osalekeza panjira. Mankhwala amenewa anayamba kuperekedwa kwa anthu mu 1958, atayesedwa pa mbira ndi J. C. Gentles ku Glasgow. Asanabwere, ku Ulaya ndi kumaiko ena ana a chipere ankawathothola tsitsi lonse ndi mphamvu ya X-ray, ndipo patapita zaka zambiri ena mwa anawo anadwala khansa ya chithokomiro ndi zotupa za m'mutu. Ndatchula izi kuti tione kuti ngakhale anthu ophunzira anavulaza ana pofuna kuchotsa chipere msanga. Ife a batire sitinali oyamba. Koma iwo analibe mapiritsi, pamene ife chipatala tinali nacho pamtunda wa ola limodzi.

Chipere chimadziwanso kuvala nkhope ya nthenda ina. Nthawi zina, makamaka chikachokera ku ziweto, chimatupa n'kukhala chotupa chachikulu chofewa, chotuluka mafinya m'maboo ambiri, chimene madokotala amati kerion. Aliyense wochiona amati n'chithupsa chakupsa, nathamangira lumo kuti aching'ambe. Kung'ambako sikuthandiza konse, kumangoonjezera chipsera. Mankhwala ake ndi mapiritsi omwe aja. Ndipo pali timafuta ta m'machubu togulitsidwa pamsika, tokhala ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone, timene ena amadzola pofuna kuyeretsa nkhope. Ukapaka pa chipere, kuyabwa ndi kufiira kumazilala masiku oyamba, iwe n'kumati ndachira, pamene tizomera tikufalikira mwakachetechete. Ndipo maonekedwe ake amasintha kotero kuti ngakhale dokotala avutika kuchizindikira.

Mtundu wina ndi wa tizithupsa. Ukaona kamutu koyera ka mafinya, tsitsi litaima pakati pake ngati mbendera, ndiye kuti mabakiteriya alowa pakamwa pa phando. Kawiri-kawiri ndi aja otchedwa Staphylococcus, amene Alexander Ogston wa ku Aberdeen anawaona m'mafinya mu 1880, ataunjikana ngati tsango la mphesa. Akatsikira pansi, ndicho chithupsa chimene tonse tichidziwa. Ambiri timasunga mabakiteriya amenewa m'mphuno osadwala, ndipo chala ndicho chimawanyamula. Tizithupsa tating'ono timatha tokha ndi sopo ndi kansalu ka madzi ofunda. Koma chithupsa cha pamphuno kapena pamlomo wa m'mwamba si chofinya, pakuti mitsempha ya pamenepo imalumikizana ndi ya m'kati mwa mutu. Ndipo munthu wotuluka zithupsa mwezi ndi mwezi ayenera kupimidwa shuga.

Tsopano ndifika pamene pandikhudza kwambiri, ndipo ndipempha aphunzitsi athu asandiyese wamwano. Pali nthenda ziwiri zimene kametedwe kathu kamaziyambitsa kapena kuzikulitsa. Tsitsi lathu ife anthu akuda ndi lopotana. Ukalimeta ndi lumo mpaka pansi, nsonga yake imatsala yakuthwa, ndipo pokula limapindika n'kubayanso khungu ngati munga. Thupi limalimbana nalo monga lilimbana ndi munga uliwonse, ndipo ndito totupa tija ta pachibwano ndi pakhosi pa anyamata amene ayamba ndevu. M'menemo mulibe kachilombo kopatsirana. Ukayang'ana ndi galasi umaona tsitsi litakhota ngati uta, nsonga ili m'khungu. Mankhwala ake aakulu ndiwo kuleka kumeta kwa mwezi wathunthu, kenaka kumadula ndi makina n'kusiya kachiputu. Koma mnyamata wotere akafika pa asembule Lolemba ndi ndevu za sabata imodzi, amapatsidwa chibalo chokumba dzenje, ndipo madzulo ake amameta ndi lumo pa totupa pomwepo, magazi ali chuu.

Inayo ndi ya kunkhongo, pamene tsitsi lithera. Imayamba ndi totupa tolimba ngati mapira, toyabwa, pamalo pamene wometa amakonda kukanda ndi makina kuti adule mzere woongoka. Kolala ya malaya imakhula pomwepo tsiku lonse. Tikamakanda ndi kumetanso, totupato timalumikizana n'kukhala chipsera chokhuthala, chonyezimira, chopanda tsitsi, chimene munthu akhala nacho moyo wake wonse. Madokotala amati acne keloidalis, ndipo Moritz Kaposi wa ku Vienna anailongosola mu 1869. Mawa m'kalasi tayang'anani makosi a amene akhala patsogolo panu, mupeza angapo. Ife timaseka kuti ndi chipere cha kunkhongo, kapena kuti munthuyo sasamba. Chikhalirecho ikapezeka msanga, totupa tikadali tating'ono, imaletseka ndi mankhwala ndi kusintha kametedwe. Ikakhwima, ngakhale dokotala wodziwa bwanji sangabwezeretse tsitsi pamenepo.

Makina ometerawo akadutsa pa totupa amadula, magazi n'kutuluka, nthawi zina ochepa osaoneka ndi maso. Mu 2018 madokotala a ku Cape Town anafalitsa zimene anapeza atapima makina 50 a ometa a m'makomboni a kumeneko. Pa makina 21 panali magazi a munthu, ndipo pa 4 panali zizindikiro za kachilombo ka hepatitis B, kamene kamaononga chiwindi. Athu aja amangowapukuta ndi kaburashi n'kuwauzira mpweya wa pakamwa. Tsono onani chodabwitsa. Mwana wa alopecia, amene sakadapatsira munthu aliyense, tinamthamangitsira kukhomo. Koma makina, amene amanyamuladi chipere ndi mafinya kuchoka pamutu kupita pamutu, timawalimbirana Loweruka lililonse kuti timetedwe msanga tikaonere mpira.

Za alongo athu a kuhositelo ya atsikana ndinena pang'ono, pakuti si kwanga. Pa tchuthi ena amaluka tsitsi ndi ulusi kapena mameshi mothina mpaka nsidze kukwera m'mwamba, nabwera kusukulu ndi tiziphuphu m'mphepete mwa chipumi, tsitsi la pamenepo litabwerera m'mbuyo. Si chipere chimenecho, ndipo si mankhwala a mnzako wansanje, ndi kukoka. Akaleka msanga tsitsi limabwerera, koma akapitiriza zaka zambiri mapando amafa. Winanso, mnyamata kapena mtsikana, akadwala malungo aakulu kapena taifodi, patapita miyezi iwiri kapena itatu tsitsi limayoyoka mutu wonse, popanda banga, ndipo limadzamera lokha. Koma kuhositelo anthu amayamba kunong'onezana za matenda ena. Inde, pali nthenda zazikulu zimene zimaonekera pa tsitsi: chindoko chimathothola timabanga timabanga ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, khate limatha kuchotsa nsidze, ndipo HIV imabweretsa totupa toyabwa kwambiri. Koma zimenezi zimadziwika ndi kupima kwa kuchipatala, osati ndi manong'onong'o, ndipo zonse zili ndi mankhwala ake. Za ziphuphu za kumaso sindichulutsa mau: ndi mafuta amene atsekereza phando pa msinkhu wathu uno, si uve, ndipo kukhula nkhope ndi mwala kapena sopo wochapira kumangozikwiyitsa.

Ndidziwa zimene ena anena. Anena kuti chipatala chili kutali, galimoto ya sukulu ndi imodzi, ndipo sitingathe kunyamula mwana aliyense wa kachiphuphu. N'zoona, ndipo ine sindikupempha zimenezo. Anenanso kuti kumudzi tinachira ndi adyo ndi utomoni wa papaya. Kapena tinachiradi, koma popeza panalibe amene anayang'ana, sitidziwa kuti tinachira chiani. Alopecia imamera yokha, tizithupsa timaphulika tokha, ndipo chipere chomwe chimatha kuzilala munthu akatha msinkhu. Adyo amangolandira ulemu wa nchito imene sanagwire. Amene anatsala ndi zipsera sabwera kudzachitira umboni, amangovala chipewa.

Ena anena kuti lamulo la kumeta lili ndi nzeru yake, pakuti tsitsi lalifupi silisunga nsabwe, lisambika msanga, ndiponso limatifananitsa tonse, mwana wa wolemera ndi wa wosauka. Ndivomera zonsezi ndi mtima wonse. Sindikupempha kuti tisunge tsitsi ngati oimba a pa kanema. Koma pakati pa tsitsi lalitali ndi mpala wa lumo pali malo okwanira. Makina aja anabwera ndi tizipeso take tosiya tsitsi pang'ono kuti mano a makina asafike pakhungu. Ine ndinatipeza m'katoni, sitinagwirepo nchito chigulire.

Ndipo mnzanga wina, pulifekiti ngati ine, anandiuza kuti kusala wodwala ndiko kudziteteza. Ndinamyankha kuti ngakhale wa chipere chenicheni, akangoyamba kumwa mapiritsi, angathe kukhala m'kalasi ndi anzake. Chofunika n'chakuti asabwerekane chipeso, thaulo, chipewa kapena mtsamiro. Kusala kumabala kubisa. Kuyambira pamene mwana uja anagona kukhomo, ndaona anyamata akupaka polishi wakuda wa nsapato pa mabanga ao kuti asaoneke, ndipo ena amathawa Loweruka la kumeta n'kukameterana kuseri kwa chimbudzi ndi lumo limodzi. Ngati pakati pao pali wa chipere chenicheni, ndiye kuti tamphunzitsa ife kuchifalitsa mobisa.

Chopempha changa n'chochepa. Mphamvu yotchula dzina la nthenda ichotsedwe pansi pa mango, ichotsedwenso kwa ife mapulifekiti. Nchito ya pulifekiti ikhale kuona, kulemba m'buku mwamseri kuti bangalo lili pati ndipo linayamba liti, n'kukanena kwa a Bodingi Masitala kapena a Matroni. Kamodzi pa teremu, m'masabata oyamba, apemphedwe adokotala kapena anamwino odziwa za khungu adzaone mitu ya amene alembedwa. Ulendo umodzi wa iwo kubwera kuno uposa maulendo khumi a ife kupita uko. Koma banga lotuluka mafinya, chotupa chofewa chopweteka, banga lonyezimira limene timaboo ta tsitsi sitioneka, kapena chithupsa chobwera ndi kutentha thupi, zimenezi zisadikire tsikulo. Makina atsukidwe ndi sipiriti akachoka pamutu wina asanafike pa wina, ndipo wa zilonda asametedwe kufikira ataonedwa. Mtengo wa botolo la sipiriti tingausonkhe tokha, pakuti timasonkha zoposa pamenepo pa tsiku la zisangalalo. Mnyamata amene ali ndi kalata ya kuchipatala yomletsa lumo asapatsidwe chibalo chifukwa cha ndevu. Ndipo wopaka mnzake madzi a batire, mafuta a mabuleki kapena utomoni wa nkhadze aweruzidwe monga womenya mnzake, pamodzi ndi wogwira tochi.

Mnyamata uja akadali pasukulu pano. Banga lachiwiri, limene sitinalikhudze, linamera teremu ino; tsitsi linayamba loyera ngati la nkhalamba, kenaka linada, monga ananenera adokotala aja. Pamene tinathira asidi patsala chipsera chosalala, ndipo chidzakhala pomwepo pa tsiku la ukwati wake. Bedi lake ndinalibweza ine ndemwe pakati pa anzake, ndipo ndinapepesa. Iye anangoti, "Palibe kanthu, achimwene," n'kupitiriza kusita malaya ake. Dzina lachipongwe lija lokha ndalephera kulichotsa. Loweruka lapitali, atakhala pampando wometera, ndinamva likufuulidwanso kuchokera pamzere, ndipo nditacheuka ndinaona kuti wofuulayo ali ndi totupa titatu kunkhongo kwake.